Kandimverere Anakanena za M'maluwa: Phunziro la Ngalande za ku Lesotho



Pali mawu amene akhazikika pakamwa pa ambiri a ife okhala kunja kuno. Amamveka pamaliro, paukwati ndi pamisonkhano yathu ya pamwezi, makamaka nkhani ikafika pa misewu, milatho ndi madamu. Wina amapukusa mutu n'kunena kuti ntchito ikakula ndi bwino kuisiya yonse m'manja mwa makampani a ku Ulaya ndi ku America, chifukwa iwo saba, sachedwa ndipo safuna wowalondera. Ife anthu akuda ndiye tinabadwa ndi katangale m'magazi. Omvera amagwedeza mitu, mawuwo n'kudutsa ngati nzeru za akuluakulu. Ife tikuwakana mawu amenewa poyera. Ndi abodza, ndipo kuipa kwake n'kwakuti amagoneka anthu tulo pa nthawi imene ayenera kukhala maso. Umboni wathu suli kutali. Kwa amene tikukhala ku Johannesburg, ku Pretoria ndi m'madera ena a Gauteng, uli m'madzi amene timaphikira nsima.

Gawo lalikulu la madzi amenewo limachokera m'mapiri a Lesotho. Pa 24 Okutobala 1986 boma la asilikali la Lesotho ndi boma la tsankho la South Africa anasainirana pangano la ntchito yotchedwa Lesotho Highlands Water Project. Pa mtsinje wa Malibamatso anamanga damu la Katse, lotalika mamita 185. Kuchokera pamenepo madzi amalowa m'ngalande yoboola mapiri ya makilomita 45 mpaka ku 'Muela, kumene amapukusa makina opanga magetsi okwana mamegawati 72, kenako amalowanso m'ngalande ina ya makilomita 37 imene imadutsa pansi pa malire n'kukatulukira mu mtsinje wa Ash pafupi ndi Clarens. Akatero amatsetsereka ndi mitsinje mpaka ku damu la Vaal, kumene Rand Water imawatunga. Anayamba kuyenda mu Januwale 1998. Pambuyo pake anawonjezera damu la Mohale ndi ngalande ya makilomita 32 yolilumikiza ku Katse. Chaka chilichonse ngalandezi zimanyamula madzi okwana makyubiki mita pafupifupi 780 miliyoni.

Ntchito imeneyi sinali mphatso. Bungwe la boma la South Africa lotchedwa TCTA linakongola ndalama zake, ndipo ngongoleyo imabwezedwa kudzera mu mtengo wa madzi. Aliyense wa ife amene amalipira bilu ya madzi, kapena lendi imene mwini nyumba anaphatikizamo madzi, kaya ku Hillbrow kaya ku Tembisa, akuponya nawo khobidi lake m'ngalande zimenezi. Tsono tili ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo anazisunga ndani.

Mwini cholembera

Anthu akamva za ngalande yapansi pa nthaka amaganiza za chimakina choboola thanthwe ndi amuna ovala zipewa zolimba. Koma mphamvu yeniyeni pa ntchito yotere ili ndi munthu wina amene manja ake sada. Pa ntchito iliyonse yaikulu pamakhala mbali zitatu. Pali mwini ntchito, amene nthawi zambiri ndi boma kapena bungwe lake. Pali kontilakitala, amene amakumba ndi kumanga. Pakati pawo pali kampani ya mainjiniya alangizi ndi oyendetsa ntchito. Iyo ndiyo imayeza nthaka, kujambula mapulani, kulemba zikalata za tenda, kuunika amene apikisana, kenako n'kukhala pamalopo zaka zonse kuyang'anira zimene kontilakitala akuchita. M'mabuku a makontilakiti a bungwe la FIDIC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1913 ndipo mabuku ake amagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, munthu ameneyu amangotchedwa Injiniya. Iye ndiye amasainira kuti ntchito ya mwezi uno yagwirikadi ndipo kontilakitala alipidwe. Iye ndiye amalamula kuti mapulani asinthidwe. Kontilakitala akadandaula kuti wakumana ndi zimene sanayembekezere ndipo akufuna ndalama ndi nthawi yowonjezera, woyamba kuweruza dandaulolo ndi yemweyo.

Pa mlatho kapena pa nyumba, mphamvu imeneyi ili ndi malire, pakuti chomangidwacho chili poyera ndipo aliyense wodziwa angapite kukachiyeza. Ngalande ndi nkhani ina. Palibe amene amadziwa bwinobwino za m'mimba mwa phiri asanalowemo. Amaboola mabowo angapo kuchokera pamwamba n'kutulutsa zidutswa za mwala, koma pa mtunda wa makilomita 45 mabowo amenewo ali ngati kulawa ndiwo za mudzi wonse ndi nsonga ya chala. Chifukwa cha ichi, malipiro a kontilakitala amadalira mtundu wa mwala umene wapezeka. Mwala wolimba safuna zambiri. Wofooka umafuna mabawuti aatali, konkire wopopera ndi zitsulo zochirikiza, ndipo mtengo wa mita imodzi umakwera kangapo. Wonena kuti mita iyi ndi ya mwala wofooka ndani? Ndi injiniya woyang'anira, ataima kumapeto kwa ngalande ndi tochi ndi cholembera. Mawa lake khoma limakutidwa, chaka chamawa madzi amadzaza, ndipo umboni wonse umatsala papepala limene iye analemba.

Ku Lesotho komweko zinaoneka kukula kwa chigamulo chimodzi chotere. Poyamba ankaganiza kuti mbali yaikulu ya ngalande ya Katse ikhala yosakutidwa, popeza imadutsa mu mwala wakuda wolimba wotchedwa basalt. Atakumba anapeza kuti m'malo ena mwalawo ukung'aluka ndi kufumbutuka ukakhudzana ndi mpweya ndi chinyezi, ndipo anagamula zokuta ngalande yonse ndi konkire. Sitikunena kuti analakwitsa. Mwina anapulumutsa ntchito yonse. Funso lathu ndi lakuti mwini ntchito amene alibe mainjiniya akeake odziwa miyala angadziwe bwanji ngati chigamulo chodula chotere n'choona. Iye amangomva zimene wauzidwa. Makolo athu anamudziwa kale munthu wotuma mnzake kukamumverera mlandu wake, ndipo anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ngakhale ngalande itatha, maso a munthu amalowamo mwa apo ndi apo. Pa 1 Okutobala 2024 ngalande za Lesotho zinatsekedwa kuti akonze mbali zokutidwa ndi zitsulo, potsatira zimene anaona atayenderamo mu 2019. Zinayenera kutsegulidwa kumapeto kwa Malichi 2025 koma madzi anayambanso kuyenda mu Meyi. Zaka zonse za pakati pa maulendo otere, anthu mamiliyoni amamwa madzi podalira siginecha za anthu amene sanawaonepo.

Zimene khoti la Maseru linavumbula

Tsopano tione ngati eni siginechazo ndi angelo. Mkulu woyamba wa bungwe loyendetsa ntchitoyi ku Lesotho, la LHDA, anali Masupha Sole. Ofufuza mabuku atapeza zosalongosoka, anachotsedwa ntchito mu 1995. Boma la Lesotho silinalekere pomwepo. Linalondola ndalama mpaka ku mabanki a ku Switzerland, ndipo zikalata zitabwera kunapezeka kuti m'maakaunti a Sole munkalowa ndalama zochokera ku makampani amene ankagwira ntchito pansi pake. Mu 1999 milandu inatsegulidwa. Mu 2002 woweruza Brendan Cullinan anamupeza wolakwa pa milandu 13 ya ziphuphu ndi chinyengo, n'kumugamula zaka 18 m'ndende, zimene khoti la apilo linazitsitsa kufika pa 15.

M'maiko ambiri nkhani ikanathera apa: Mwafirika wakuba wagwidwa, azungu n'kupukusa mitu. Koma loya wamkulu wa boma Fine Maema, pamodzi ndi woimira boma pa milanduyi Guido Penzhorn wa ku Durban, anafunsa funso limene mwana aliyense angafunse: ngati pali wolandira, wopereka ali kuti?

Woyamba kuyankha anali Acres International, kampani yolemekezeka ya mainjiniya alangizi ya ku Canada. Ntchito yake inali kupereka akatswiri oti akhale m'kati mwa LHDA momwemo, kuthandiza bungwelo kuyang'anira ntchito yonse. Ndalama zake zinkadutsa mwa nthumwi yake ya ku Lesotho, Zalisiwonga Bam, amene ankazilandirira ku Switzerland n'kupatsira Sole gawo lalikulu. Acres inadziteteza ponena kuti inkalipira Bam chifukwa choiimira ndipo sinkadziwa kumene ndalamazo zinkathera. Khoti silinakhulupirire. Mu Sepitembala 2002 inapezeka yolakwa, ndipo mu 2003 khoti la apilo linatsimikiza mlandu umodzi mwa iwiri n'kuika chindapusa pa maloti 15 miliyoni. Kumbukirani kuti loti imodzi ndi yofanana ndi randi imodzi.

Yachiwiri inali Lahmeyer International ya ku Germany, imene inali m'gulu la ojambula ndi oyang'anira ngalande yopititsa madzi ku South Africa ndi ya Mohale. Inapezeka yolakwa mu 2003. Itachita apilo, khoti linakweza chindapusa chake kufika pa maloti 12 miliyoni mu 2004. M'chaka chomwecho Schneider Electric ya ku France inavomera mlandu wa ziphuphu zimene inapereka Spie Batignolles, ndipo inalipira maloti 10 miliyoni. Mu 2006 Impregilo ya ku Italy inavomera kuti inayesa kusokoneza chilungamo, n'kulipira maloti 15 miliyoni.

Taonani bwino mndandanda umenewu. Makampani awiri oyamba sanali okumba. Anali alangizi, amene analembedwa ntchito kuti akhale maso ndi makutu a mwini ntchito. Mlonda amene wagula bwana wake amakhala wopanda womufunsa, ndipo bwana wogulidwayo sangathenso kukana bilu iliyonse imene mlondayo wabweretsa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amene amatiuza kuti makampani a kunja saba atiuze kuti Canada, Germany, France ndi Italy zili m'chigawo chiti cha Africa.

Tisaiwalenso kuti pa nthawi imene ndalamazi zinkayenda, maiko ambiri olemera analibe lamulo loletsa makampani awo kuhonga akuluakulu a maiko ena. America inali nalo kuyambira 1977, koma pangano la OECD loletsa mchitidwewu linayamba kugwira ntchito mu 1999, ndipo lamulo la Canada linayambanso chaka chomwecho. Ku Germany, mpaka 1999, kampani inkatha kulemba chiphuphu choperekedwa kunja ngati ndalama yoyendetsera bizinesi n'kuchotseredwa msonkho. Katangale amene amatinena naye anali ndi malo akeake m'mabuku a msonkho a ku Ulaya.

Muyeso wa zilango nawo ukunena zambiri. Sole anagona m'ndende. Makampani analemba macheke. Banki ya World Bank, imene inathandiza kulipira ntchitoyi, poyamba inati umboni wotsutsa Acres ndi wosakwanira, ndipo inadzailetsa kupikisana pa ntchito zake mu Julayi 2004, kwa zaka zitatu. Lahmeyer inaletsedwa mu Novembala 2006, patapita zaka zitatu chiipezereni yolakwa, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2011. Ndalama zambiri zoyendetsera milanduyi Lesotho inasenza yokha, dziko losauka la anthu pafupifupi 2 miliyoni. Yerekezani zimenezi ndi zimene zinagwera anthu okumba. Mu Sepitembala 1996, pambuyo pa sitiraka yodandaula za malipiro ndi kusiyanitsidwa ndi antchito ochokera kunja, apolisi anawombera antchito pa msasa wa ku Butha-Buthe ndipo osachepera asanu anafa. Wopempha malipiro anakumana ndi chipolopolo. Wopereka chiphuphu anakumana ndi risiti.

Sitikumuyeretsa Sole. Anagulitsa udindo umene anthu a kwawo anamupatsa, ndipo ndende inamuyenera. Sitikuyeretsanso boma la Lesotho, limene mu 2011, Sole atangotuluka, linamuika kukhala mlangizi wa nthumwi zake mu komishoni yoyang'anira ntchito yomweyo, chinthu chimene chinadetsa mbiri yabwino imene makhoti ake anapanga. Mfundo yathu ndi yakuti chiphuphu chimafuna manja awiri, ndipo amene amaona dzanja lakuda lokha ndiye kuti anasankha kutsinzina diso limodzi.

Ngakhale kwawo komwe

Wina anganene kuti makampaniwa amaipa akafika ku Africa, kwawo amayenda mowongoka. Mamembala athu a ku America ndi ku Britain angamuyankhe.

Ku Boston, ntchito yolowetsa msewu waukulu pansi pa mzinda, yotchedwa Big Dig, inayamba ndi chiyerekezo chosakwana madola 3 biliyoni ndipo inatha itadya oposa 14 biliyoni. Oyendetsa ntchito anali makampani awiri otchuka, Bechtel ndi Parsons Brinckerhoff. Mu 1998 antchito a boma ndi a makampaniwa anaphatikizidwa kukhala gulu limodzi, mwakuti kunali kovuta kusiyanitsa woyang'anira ndi woyang'aniridwa. Pa 10 Julayi 2006 zidutswa za konkire za kudenga la ngalande zinagwera galimoto n'kupha mayi wina. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti guluu wogwira mabawuti a dengalo anali wa mtundu umene umatamuka pang'onopang'ono ukasenza katundu nthawi yaitali, kuti zizindikiro za kusuntha kwa mabawuti zinaoneka kale mu 1999 koma gwero lake silinazindikiridwe, ndiponso kuti mwini ngalande sanakhazikitse dongosolo loyendera dengalo pa nthawi yake. Mu 2008 makampani awiriwa anavomera kulipira madola oposa 400 miliyoni.

Ku London, njanji ya Crossrail, imene lero ikutchedwa Elizabeth line, inali ndi ngalande za makilomita 42 zimene zinatha kukumbidwa mu 2015. Inayenera kutsegulidwa mu Disembala 2018. Anthu anauzidwa kuti sizitheka kumapeto kwa Ogasiti 2018, kutatsala miyezi yosakwana inayi. Sitima zinayamba kuyenda mu Meyi 2022, ndipo mtengo unachoka pa mapaundi 14.8 biliyoni kufika pafupifupi 19 biliyoni. Apa sitikunena za kuba. Okumba anachita mbali yawo. Chimene chinalephera ndi kayendetsedwe ka ntchito, ndipo nkhani yoipa inachedwa kukwera kuchokera pansi kufika kwa eni ndalama ngakhale kuti alangizi analipo ambirimbiri.

Ngati Massachusetts ndi London, okhala ndi maloya, manyuzipepala ndi mayunivesite ochuluka, anapunthwa chifukwa chodalira malipoti a ena, kuli bwanji dziko limene laika chidaliro chake chonse pa dzina la kampani ndi khungu la mwini wake?

Kwa otitsutsa

Tikudziwa zimene ena atiyankhe. Oyamba adzati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa; maiko athu alibe anthu odziwa kuboola phiri makilomita 40, tsono tisanyoze otithandiza. Pa luso akunena zoona. Kukumba kuchokera mbali ziwiri za phiri n'kukakumana pakati popanda kuphonyana ndi nzeru yofunika ulemu, ndipo makampani oidziwa ndi ochepa padziko lonse. Ngalande za Lesotho zanyamula madzi zaka zoposa 25, ndipo mainjiniya ambiri amene anazijambula ndi kuziyang'anira anali anthu oona mtima. Koma luso ndi kukhulupirika ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kalumo kakuthwa kamameta bwino ndipo kamachekanso bwino. Kubwereka luso la mlendo n'kwanzeru; kumusiyira makiyi a nkhokwe, buku la ndalama ndi mpando woweruzira, zonse pamodzi, ndi ulesi umene timauveka dzina la kudzichepetsa.

Achiwiri adzati zimenezo n'zakale, malamulo anasintha. Malamulo anasinthadi, ndipo Britain nayo inakhazikitsa lake lolimba mu 2010. Chimene sichinasinthe ndi mpangidwe wa ntchito. Mwala ukadali wobisika, Injiniya akadali wosainira malipiro, ndipo mlangizi amene amalipidwa potengera miyezi imene antchito ake akhala pamalopo sataya kanthu ntchito ikachedwa. Gawo lachiwiri la ntchito ya Lesotho, la damu la Polihali ndi ngalande ya makilomita 38 yopita ku Katse, linagwirizanidwa mu 2011, ndipo madzi ake ankayembekezeka cha m'ma 2020. Makontilakiti akuluakulu omanga anaperekedwa kumapeto kwa 2022. Pofika mu 2025 chaka cholonjezedwa chinali 2028 kapena kupitirira, ndipo aphungu a ku South Africa anamva kuti mtengo wadutsa marandi 50 biliyoni. Sitikuloza chala kampani iliyonse imene ili pa ntchitoyi, ndipo zifukwa za kuchedwa n'zambiri, zina zandale. Tikungokumbutsa kuti ndalama zowonjezerazo zidzatuluka m'mabilu a madzi, ndipo olipira ali ndi ufulu woona mmene zawerengedwera.

Achitatu ndi abale athu okwiya, amene adzati thamangitsani alendo onse, ntchito ipatsidwe kwa eni dziko. Nawonso tikuwakana. Sole anali mwini dziko. Bam anali mwini dziko. Kusintha khungu la wogwira cholembera popanda kusintha dongosolo lomulondera n'kusamutsa khoswe kuchoka pamkhate wina kupita pa wina. Ndipo ngalande yopatsidwa kwa munthu wosadziwa chifukwa choti ndi wakwathu imagwera anthu akwathu omwewo.

Zimene tikufuna

Choyamba, mwini ntchito akhale ndi mainjiniya akeake, olembedwa ndi iye, olipidwa bwino, odziwa miyala ndi makontilakiti, amene angalowe m'ngalande n'kutsutsa mlangizi pamaso. Asakhale obwerekedwa ku kampani yomwe akuyenera kuiyang'anira. Malipiro a anthu makumi awiri otere ndi kadontho poyerekeza ndi mtengo wa kusintha kumodzi kwa mapulani.

Chachiwiri, wojambula mapulani asakhale woweruza yekha pamene mapulani akewo apezeka ndi vuto. Pakhale gulu la akatswiri oima paokha, osankhidwa ntchito isanayambe, ndipo malipoti awo aziwerengedwa ndi aphungu ndi atolankhani. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Chachitatu, makontilakiti a alangizi, kusintha kulikonse kwa mtengo, ndi dzina la nthumwi iliyonse pamodzi ndi ndalama zimene ikulandira ndi banki imene ikulandirira, zonse ziikidwe poyera pa intaneti. Nthumwi ya ku Maseru yolandirira malipiro ku Switzerland ikanadabwitsa aliyense akanakhala kuti anaiona.

Chachinayi, kampani ikapezeka yolakwa m'khoti, mabanki obwereketsa ndalama aziiletsa nthawi yomweyo, ndipo mabwana amene analoleza malipirowo aziyankha ndi matupi awo monga anayankhira Sole. Chindapusa chimene kampani ingachilembe m'gulu la zowonongera ntchito sichiopsa munthu.

Chachisanu chikukhudza ife tomwe. Agogo ndi abambo athu anabwera ku Joni kudzera ku Wenela, anaboola miyala ya Witwatersrand pamodzi ndi Abasotho amene ankatchuka pokumba migodi, ndipo ena sanabwerere. Pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 pokha panafera Amalawi oposa 70. Anthu amenewa ankaudziwa mwala ndi makutu ndi zikhatho, komabe lamulo linkawaletsa kukhala ndi setifiketi yophulitsira miyala mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anapatsidwa fosholo, cholembera n'kusungidwira ena. Lero palibe lamulo lotiletsa. Ana athu ali m'masukulu a ku Johannesburg, Harare, Manchester ndi Dallas. Tiwalimbikitse ena mwa iwo kuphunzira za miyala, za kuyeza nthaka, za kuwerengera mitengo ya zomangamanga ndi za malamulo a makontilakiti, maphunziro amene satchuka paukwati koma ndi amene amasunga chuma cha dziko. Mamembala amene ali kale m'makampani otere atsegulire achinyamata zitseko. Bungwe limene limatha kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi lingathenso kusonkha za fizi ya mwana mmodzi wa uinjiniya. Kumudzi nako ntchito zazikulu zikubwera: mu Meyi 2025 World Bank yomweyo inavomereza madola 350 miliyoni othandizira ntchito ya magetsi ya Mpatamanga pa mtsinje wa Shire. Kumenekonso kudzakhala alangizi ndi masiginecha, ndipo kudzafunika Amalawi otha kuwerenga zimene zasainidwa.

Tsono pamsonkhano wotsatira, wina akadzanenanso kuti ntchito yaikulu ingosiyidwa kwa azungu chifukwa iwo saba, musadzagwedeze mutu. Mufunseni ngati anamvapo za Acres ndi Lahmeyer. Mukumbutseni kuti amene anawagwira sanali apolisi a ku Toronto kapena a ku Frankfurt. Linali khoti la ku Maseru, m'dziko laling'ono la Africa limene linakana kuuzidwa za m'maluwa. Amene tili ku Gauteng tiwerenge malipoti a pachaka a TCTA ndi a LHDA, amene ali poyera, ndipo tipite kumisonkhano ya makhonsolo pamene akukambirana mitengo ya madzi. Phiri la pakati pa Polihali ndi Katse likubooledwa ndi ndalama zathu, ndipo likadzakutidwa ndi konkire nthawi yofunsa idzakhala itatha.